Amene Anazimitsa Magetsi M'phanga la ku Ourlac

Firmin Delbreil anapezeka Lachiwiri m'mawa ali pansi pa chidzenje cha kumapeto kwa phanga, msana wothyoka, maso ali tong'o. Amene anam'peza ndi Odile Vergnolle, mayi amene kwa zaka makumi atatu wakhala akukolopa pakhomo pa phangalo ndi kugulitsa matikiti kwa alendo odzaona mahatchi ndi njati zimene anthu akalekale anajambula pamiyala. Odile sanakuwe. Anasuzumira, anaona kuti bwana wake zake zatha, anatuluka n'kukaimbira apolisi. Kenaka anakhala pabenchi n'kudya buledi wake, poti kusala kudya sikudzutsa munthu.

Pofika masana, ozimitsa moto anali atatulutsa mtembo ndi zingwe, ndipo Sajeni Marchive, wapolisi wochokera kuboma, anali atapeza kale munthu wake.

"Mwam'tsekera Amadeu, wotola mtedza uja?" anafunsa Odile.

"Mpwitikiziyo ali ku ofesi ya a meya. Galimoto yodzam'tenga ifika faifi koloko. Inu mayi ndiyankheni zanga. Munafika nthawi yanji?"

"Eyiti koloko, monga masiku onse kupatula Lolemba. Lolemba phanga limapuma."

"Limapuma?"

"Mpweya wa anthu umadwalitsa zithunzi. Timalipatsa tsiku limodzi."

"Chabwino. Munaona chiyani?"

"Zitseko zonse ziwiri zotseka. Magetsi ozima. Beseni lovundikira."

Pakati pa chitseko chachitsulo chakunja ndi chitseko chamkati pali beseni lophwatalala la madzi a jiki. Aliyense wolowa, kaya ndi nduna kaya ndi kamwana ka sukulu, amaponda m'menemo kuti nsapato zisalowetse chuku. Womaliza kutuluka amalivundikira kuti fungo la jiki lisafike kumiyala. Izi Odile anafotokoza, koma Sajeni sanalembe.

"Dokotala akuti anagwa dzulo masana, ndipo sanafe msanga," anatero. "Wakufa sazimitsa magetsi, choncho panali wina. Pakolala ya jekete lake pali zidindo zakuda za zala. Manja a Mpwitikizi uja ndi akuda bii."

"Mwezi uno manja a mudzi wonse ndi akuda. Tikutola mtedza wa m'mitengo, makoko ake amadetsa. Onani angawa."

"Koma si mudzi wonse unam'gwira pakhosi Lamlungu."

"Bambo Sajeni, munthu wangopha mnzake, mtima uli thi thi thi, aima n'kuyamba kuvundikira beseni? Anam'phunzitsa ndani? Amadeu sanalowepo muno, ngakhale ndi tikiti."

Sajeni anatseka kabuku kake. Anali mnyamata wakumpoto amene anam'ponya kuno asakufuna, ndipo nkhope yake inkanena zimenezo tsiku lililonse.

"Mayi, inu ntchito yanu ndi chokolopera. Zoganiza tisiyireni ife."

Odile anakutumula nyenyeswa pasiketi n'kuyang'ana wotchi ya patchalitchi. Inali itangodutsa wani koloko.

*

Kabala ka Huguette kali moyang'anizana ndi tchalitchi, ndipo tsiku limenelo kanadzaza ngati pa ukwati. Huguette mwini wake, mayi wa milomo yopaka zofiira ndi lilime losapuma, sanadikire n'komwe kufunsidwa.

"Ndinaona ndi maso angawa, Odile! Misa itatha, a Firmin akhala apo, tambula ya vinyo kumanja. Mpwitikizi walowa, akufunsa ngati wina waona galu wake. A Firmin akuti, 'Wamawanga uja? Ndam'patsa nyama yothira bwino mankhwala. Akagone, asiye kukumba pamwamba pa phanga langa.' Bala yonse kuseka!"

"Nawenso unaseka?"

"Nanga ndilire galu? Ndiye iye uja kuwadumphira pakhosi, gwi! Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu ndi zitatu! Anachita kum'koka amuna anayi."

"Dzulo a Firmin unawaona?"

"Anamwa khofi pano thwelofu koloko, ali mwee. Jekete lomwelo, zala za Mpwitikizi zili pakolala, akuonetsa aliyense ngati mendulo."

"Zimenezo wamuuza Sajeni? Zoti zalazo ndi za Lamlungu?"

Huguette anayamba kupukuta tambula youma kale. "Sanandifunse."

"Chinawasangalatsa a Firmin n'chiyani?"

"Ati malo apezeka kunyumba yosungira okalamba. Lachisanu galimoto idzatenga mlongo wawo Léonie. Ati, 'Zachabechabe zichoke m'nyumba chikondwerero chisanafike.' Pajatu Loweruka a meya amayenera kukhoma chikwangwani chatsopano cha dzina la a Firmin pakhomo pa phanga."

Kumapeto kwa tebulo kunali Anselme, mlimi wa mtedza amene Amadeu ankam'gwirira ntchito. Iye analankhula osatembenuka.

"Odile, siya kununkhiza. Firmin ankadana ndi mudzi wonse, ndipo mudzi wonse unkadana naye. Akapanda kutenga Mpwitikizi atenga mmodzi wa ife. Wotola mtedza ndipeza wina chaka chamawa."

Palibe anam'tsutsa. Wina anaitanitsa vinyo.

*

Amadeu anam'tsekera m'kachipinda kosungiramo mipando. Wapolisi wapakhomo analola Odile kulowa chifukwa ananyamula buledi ndi tchizi, ndiponso chifukwa ndi mayi yemweyo anam'phunzitsa katekisimu. Amadeu anali bambo wa zaka makumi anayi, wamapewa aakulu, wa mawu ochepa. Chakudyacho sanachiyang'ane.

"Dzulo masana unali kuti?"

"Kuthengo."

"Kukatani?"

"Kukwirira galu."

"Tsiku lonse?"

"Ndinam'peza mochedwa. Anakwawira pansi pa mwala. Anadziluma lilime mpaka kuduka." Anayang'ana zikhatho zake. "Nthaka ya kuno ndi miyala yokhayokha, mayi. Kukumba kumatenga nthawi."

"Anakuona wina?"

"Kuno amandiona ndani?"

"Kweza phazi."

Amadeu anakweza. Pansi pa jombo yake panali pakuda, matope ofiira ali m'mizere. Odile anakweza phazi lake n'kumuonetsa: mphira ya nsapato yake inali yotuwa ngati phulusa. Jiki amatero. Kuponda kamodzi kokha, mphira yakuda imatuluka ndi mzere wotuwa umene suchoka.

"Sajeni wawaona majombowa?"

"Akuti ndinalumpha beseni."

"Munthu wolumpha beseni salivundikira."

"Kanenenitu kwa iyeyo." Amadeu anaseka kuseka kopanda mano. "Mwana wanga wamkazi akwatiwa Disembala. Ndinati ndikam'perekeza ndine. Zikanakhala kuti ndinam'phadi nkhalamba ija, mwina bwenzi mtima uli m'malo."

"Zimenezo usazinene kwa wina aliyense, chitsiru iwe. Idya."

Ali panja, Odile anawerenga ndi zala anthu odziwa za chivundikiro. Firmin, amene anali m'dzenje. Iye mwini. Ana asukulu awiri operekeza alendo, amene anabwerera kwawo mwezi watha. Chala chachisanu chinatsala chili chiimire, ndipo Odile anachiyang'ana nthawi yaitali. Ntchito yokolopa pakhomo pa phanga anam'phunzitsa ndi Léonie Delbreil, mlongo wake asanam'thamangitseko.

*

Nyumba ya a Delbreil ndi yomaliza panjira ya kuphanga. Léonie anali m'khitchini, pampando wake wa nthawi zonse, thabwa pamiyendo, akuswa mtedza ndi kanyundo. Anali kamayi kakang'ono ka zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ka mawu ofewa ngati a sisitere. Pakona panali sutikesi yomanga kale.

"Pepa, Léonie."

"Zikomo, mnzanga. Khala. Anthu abwera ambiri, aliyense ndi keke. Sindinadziwe kuti achimwene ankakondedwa chotere."

Go! Kanyundo kanagwa. Mtedza unasweka pakati penipeni.

"Sanabwere kudzagona, iwe osadabwa?"

"Ankandiuza kumene akupita? Ndinawasungira msuzi pachitofu."

Ndodo ya Léonie inali yotsamira tebulo. Inali yatsopano, ya kuchipatala, imene anam'patsa mwezi wa Meyi atam'panga opaleshoni ya chiuno. Popanda iyo sankatha ngakhale kudzuka pampando. Kumapeto kwake kunali mphira yakuda, ndipo mphirayo inali ndi mkombero wotuwa, kutalika kwake ngati chala chopingasa. Ndi muyezo wa madzi a m'beseni. Odile ankauthira yekha.

Léonie anaona kumene maso a mnzake ali.

"Jiki ameneyo," anatero mosatekeseka. "Dzulo masana ndinali kumanda, kutsuka mwala wa bambo ndi mayi. Tsiku la Oyera Onse layandikira. Ukufuna anthu adzanene kuti a Delbreil sasamala akufa awo?"

"Wekha, ndi chiuno chimenecho?"

"Pang'onopang'ono. Tenga keke, Odile. Iwonongeka."

*

Manda a ku Ourlac ali kuseri kwa tchalitchi. Sabata imeneyo amakhala ngati msika: amayi ndi ndowa, maburashi, miphika ya maluwa achikasu. Odile anadutsa onsewo osapereka moni. Mwala wa a Delbreil uli pafupi ndi khoma. Unali wobiriwira ndi ndere kuyambira pamwamba mpaka pansi, mayina osawerengeka, masamba a chaka chatha ataunjikana pamutu.

Wotchi ya patchalitchi inagunda kanayi.

*

Atabwerera anapeza Léonie ali pomwe paja, mbale ya mtedza itadzaza.

"Wapita kukaona," anatero Léonie.

"Ndapita."

"Unali wotero kuyambira kale. Ukakolopa, mpaka pansi pa kabati." Go! "Tseka chitseko, mphepo ikulowa."

Odile anatseka koma sanakhale.

"Unaviika ndi ndodo yomwe."

"Chilichonse chokhudza pansi chimaviikidwa. Ndinakuphunzitsa ndine."

"Anakulola bwanji kulowa? Zaka makumi atatu sunapondemo."

"Ankafuna ndisaine pepala la kunyumba ya okalamba. Ndinati ndisaina ndikaona mahatchi komaliza. Anaseka, koma anatenga makiyi." Léonie anaika kanyundo pathabwa. "Odile, phanga lija analipeza ndani?"

"Aliyense amadziwa. Firmin, ali mnyamata, akutsata nkhandwe."

"Firmin anali ndi zaka khumi ndi zitatu, wonenepa ngati nkhumba ya Khirisimasi. Pauna wa nkhandwe pankalowa mutu wake wokha. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anandimanga chingwe kumwendo n'kundikankhira mkati ndi kandulo. Ndinalira, iye akundibaya ndi mtengo kumapazi. Ndinakwawa chamimba, miyala ikundisenda, mpaka denga linakwera. Nditakweza kandulo ndinaona hatchi ikundiyang'ana. Ine, Odile. Kuchokera pamene anthu akalekale aja anachoka, maso oyamba anali angawa."

"Sunanenepo."

"Ndinanena madzulo omwewo. Bambo anandimenya mbama chifukwa chong'amba diresi. Aphunzitsi atabwera ndi anthu a nyuzipepala, anajambula mnyamata. Ine ananditumiza kukatunga madzi oti alendo asambe m'manja. Ndakhala ndikutunga madzi amenewo zaka makumi asanu ndi awiri. Ndam'phikira, ndam'chapira, mwamuna amene ankandifuna anam'thamangitsa ndi mfuti. Tsiku lina ndinauza mlendo mmodzi zoona, iye anamva, ntchito inathera pomwepo, n'kulemba iwe."

Odile anakumbukira. Nthawi ija anauzidwa kuti Léonie watopa, ndipo sanafunse zambiri chifukwa ntchitoyo ankaifuna.

"Dzulo ndinalibe maganizo ena," anapitiriza Léonie. "Ndinkafuna mahatchi basi. Koma titafika padzenje paja anamasula tcheni chotchingira alendo, n'kuwerama, n'kuloza kauna kaja kutsidya. Anayamba kulankhula ndi mawu ake aja a alendo. 'Apa, amayi ndi abambo, ndi pamene ndinatulukira ine, kandulo kumanja.' Kuuza ine! Tili awiriwiri! Sankandinyoza, Odile. Anali ataiwala. Ankakhulupirira."

"Ndiye unam'kankha."

"Ndi ndodo. Pamsana. Sanalemere."

"Dokotala akuti sanafe msanga."

"Ayi, sanafe msanga. Poyamba anatukwana. Kenaka analamula. Kenaka anayamba kupempha, mawu ang'onoang'ono, ngati a mwana. Ine ndinabwezera tcheni m'malo mwake n'kupita kukaona zithunzi zanga. Njati zija zakuda pang'ono, waona? Ndinayenda bwinobwino, osafulumira, iye akuitana kumbuyoko. Phanga lija limanyamula mawu."

"Unam'siya wamoyo mumdima."

"Mphindi makumi anayi zinali zitakwana. Magetsi akapitirira pamenepo miyala imamera ndere. Ndi lamulo lake lomwe, analemba yekha pachitseko."

Anatola mtedza wina n'kuuika pathabwa.

"Amadeu am'tenga faifi koloko," anatero Odile.

"Ndamva."

"Sanalakwe kanthu."

"Ndi mwamuna, ali ndi mphamvu. Adzam'patsa zaka khumi, adzatuluka tsitsi lisanayere. Ine ndatsala ndi zingati? Ziwiri? Zitatu? Ndikufuna ndizidye m'khitchini muno, ndekha, wailesi ndikutsegula pamene ndafuna. Usiku wathawu ndagona ngati khanda."

"Ali ndi mwana akukwatiwa."

"Ine ndinalibe ukwati, ndipo palibe anathamanga m'mudzi muno kundifunsira mboni." Anakweza maso, akumwetulira. "Ukanena chiyani kwa kamnyamata kaja? Kuti kankhalamba kopunduka kapha mwamuna? Mawa ndiwatuma ana a Huguette akatsuke mwala. Mphira ndiiponya m'chitofu, kuchipatala andipatsa ina. Ndipo mudzi udzakhala mbali yanga, ukudziwa. Udzagula buledi kwa ndani, iwe wopereka mwana wa m'mudzi chifukwa cha wotola mtedza?"

Izi zinali zoona, ndipo Odile ankadziwa. Anaganiza za Anselme ndi msana wake, za Huguette ndi tambula yake youma, za benchi la m'tchalitchi limene lidzakhale lopanda munthu mbali zonse ziwiri. Anaganizanso kuti iye akanakhala Léonie, mwina sakanadikira zaka makumi asanu ndi awiri. Kenaka anayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo ku ofesi ya a meya ndi ulendo wa mphindi khumi.

Anatambasula dzanja n'kutenga ndodo ija.

Kumwetulira kwa Léonie kunazima. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, anayesa kudzuka, chiuno chinakana. Thabwa linagwa, mtedza unamwazika pansi ponse.

"Bweza ndodo yanga."

"Ikaonedwa kaye."

"Odile! Ndinakugwirira mwana wako paubatizo! Mwamuna wako akufa, ndani ankakhala nawe?"

"Iwe."

"Ndiye?"

"Ndiye ndidzakubweretsera zovala zoyera Lachinayi lililonse, kulikonse kumene akakuike."

Anakulunga mphirayo ndi kathumba ka buledi kuti isakhudze pansi, anapanira ndodoyo kukhwapa, n'kutsegula chitseko. Kumbuyo kwake mawu ofewa aja anasweka, n'kutuluka ena amene Odile anali asanawamvepo.

"Undisiya chonchi? Moto ukazima? Ndikafuna kuchimbudzi ndipita bwanji?"

Odile anaima pakhomo, osacheuka.

"Ukwawa," anatero. "Wandiuza wekha kuti umatha."